Chithunzi Chaipa, Makhololo Akana TB: Ndemanga pa Malangizo a WHO a 2021 Okhudza Kompyuta Zowerenga X-ray

Mu Malichi 2021 bungwe la World Health Organization lidatulutsa malangizo atsopano a momwe mayiko angafufuzire chifuwa chachikulu pakati pa anthu. Mfundo yomwe idamveka kwambiri ndi yakuti mapulogalamu a pakompyuta otchedwa CAD angathe kulowa m'malo mwa munthu powerenga chithunzi cha X-ray cha pachifuwa, pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kwa dziko ngati Malawi, komwe madokotala odziwa kuwerenga zithunzi ndi owerengeka ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, uwu udali uthenga wabwino. Galimoto yonyamula makina ojambulira imatha kuima pamsika kapena pandende, munthu n'kujambulidwa, malikisi a chithunzi chake n'kutuluka mphindi isanathe.

Ndemanga ino ikuvomereza kuti malangizowa adayankha bwino funso lomwe adadzifunsa. Vuto ndi lakuti funsolo ndi lopapatiza. Kompyuta imauza wazaumoyo kuti chithunzi chafanana ndi TB mokwanira kuti makhololo apite ku labotale. Siinena kuti mwa matenda angapo omwe amatupitsa ndi kuwononga mapapo mofanana, wodwala amene wakhala pabenchiyo ali ndi ati. Malangizowa, pamodzi ndi kafukufuku yemwe adawabala, amayeza kupambana ndi kuchuluka kwa TB yomwe yapezeka. Munthu amene chithunzi chake chaipa koma makhololo ake akana TB amachoka m'kaundula wa pulogalamu akutsokomolabe, ndipo ndi ife a kuzipatala zing'onozing'ono ndi a m'midzi amene timakumana nayenso.

Zomwe malangizowa adakhoza

Ulemu upite pomwe ukuyenera. Umboni womwe WHO idadalira udachokera pa kuyeza mapulogalamu atatu: CAD4TB ya kampani ya Delft Imaging ku Netherlands, Lunit INSIGHT CXR ya ku South Korea, ndi qXR ya kampani ya Qure.ai ku India. Zithunzi zidawerengedwa ndi mapulogalamuwa komanso ndi anthu, ndipo mayankho onse adayerekezedwa ndi zotsatira za makhololo. Kompyuta zidachita mofanana ndi anthu. Zidaonekanso kuti anthu odziwa ntchitoyi amasiyana kwambiri okhaokha pa kawerengedwe kawo. WHO sidabise kuti umboniwo udali wosalimba kwenikweni, ndipo idalangiza kuti dziko lililonse lidziyezere lokha malire a malikisi oyenera anthu ake. Uku ndi kulemba koona mtima.

Kuno kwathu, umboni wabwino udachokera pachipatala cha Bangwe mu mzinda wa Blantyre. Kafukufuku wa PROSPECT, yemwe adatsogoleredwa ndi Peter MacPherson ndipo adasindikizidwa mu 2021, adatenga anthu akuluakulu 1,462 omwe adabwera akutsokomola, n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba lidathandizidwa monga mwa masiku onse. Lachiwiri lidayezedwa HIV. Lachitatu lidayezedwa HIV n'kujambulidwanso X-ray yowerengedwa ndi CAD4TB, ndipo omwe malikisi awo adakwera adayezedwa makhololo ndi makina a GeneXpert. M'gulu lachitatuli anthu 15 mwa 497 adayamba mankhwala a TB, pomwe m'gulu loyamba adali 5 mwa 473. Theka la oyamba mankhwala m'gulu lachitatu lidali litayamba kale pofika tsiku lotsatira, pomwe m'gulu loyamba padatenga masiku 11 kuti theka lifike pamenepo. Kwa munthu amene akufalitsa TB m'nyumba ya chipinda chimodzi, masiku khumi si ochepa. Palibe wazaumoyo wanzeru amene anganene kuti makinawa abwerere komwe adachokera.

Anthu omwe masamu amawataya

Koma walira mvula walira matope. Mulingo womwe WHO idaika wa chida chosankhira anthu oyenera kuyezedwa makhololo ndi wakuti chigwire odwala TB 90 pa 100 alionse, ndipo chimasule anthu 70 pa 100 alionse omwe alibe TB. Tiyerekeze kuti tajambula anthu 1,000 ndipo 20 mwa iwo ali ndi TB. Chida chokwaniritsa mulingowu chigwira odwala 18. Chikwezanso malikisi a anthu 294 mwa anthu 980 omwe alibe TB. Ndiye kuti anthu 312 auzidwa kuti chithunzi chawo chakayikitsa, ndipo odwala TB pakati pawo ndi 18 okha.

M'malipoti a kafukufuku, anthu 294 aja amalembedwa ngati kulakwitsa kwa makina. Ena mwa iwo mapapo awo ali bwinobwino ndithu. Koma ambiri makina sadawanamizire kalikonse: m'chifuwa mwawo muli chinachake, kungoti si TB yoyaka. Madokotala atawerenganso zithunzi za kalembera wa TB wa ku Kenya wa 2016, adapeza matenda ena ambiri, ndipo kukula kwa mtima ndiko kunkaoneka kawirikawiri. Ofufuza a ku Blantyre adapezanso zofanana pa zithunzi za anthu akuluakulu ojambulidwa pofufuza TB. Kafukufuku wa ku Dhaka, Bangladesh, wa anthu pafupifupi 24,000 adaonetsa kuti mapulogalamu asanu omwe adayezedwa ankasokonezeka kwambiri pa anthu achikulire ndi pa omwe adadwalapo TB kale. Awa ndi anthu omwewo amene mapapo awo amakhala ndi matenda ena ofanana ndi TB.

Kiliniko ofesa amene walandira munthu wotere amakhala pampanipani. Akudziwa kuti makhololo kukana sikutanthauza kuti TB palibe, chifukwa GeneXpert imaphonya odwala omwe tizilombo tawo ndi tochepa. Akudziwanso kuti mankhwala a TB alipo, ndi aulere, ndipo ali ndi kaundula wake. Matenda enawo alibe kaundula, alibe wowayang'anira ku boma, nthawi zina alibe ndi mankhwala m'famase. Njira yosalala ndi yoyambitsa mankhwala a TB potengera chithunzi. Nthawi zina ndi chisankho cholondola, makamaka kwa wodwala kwambiri amene chitetezo chake chatsika. Koma chikakhala chizolowezi, munthu amamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi pachabe. Isoniazid ndi pyrazinamide amatha kuwononga chiwindi. Rifampicin amafooketsa dolutegravir mpaka wodwala afunika kumwa kawiri patsiku, ndipo amafooketsanso njira yolera yoika pamkono. Kuwonjezera apo pali ndalama zoyendera ndi kusalidwa, uku matenda enieniwo akukula.

Mapapo omwe TB idadutsamo

Gulu lalikulu kwambiri la anthuwa ndi la omwe adachira TB. Jamilah Meghji ndi anzake adatsatira anthu 405 omwe adamaliza mankhwala a TB mu Blantyre, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2020. Pa tsiku lomaliza mankhwala, anthu 6 mwa 10 alionse adali akudandaulabe za chifuwa. Zithunzi za CT zidaonetsa kuti 44 pa 100 alionse adali ndi timipaipi ta mpweya totambasuka ndi kuwonongeka, vuto lotchedwa bronchiectasis, ndipo 9 pa 100 alionse chigawo chathunthu cha phapo chidali chitawonongekeratu. Onsewa m'kaundula adalembedwa kuti adamaliza mankhwala bwino.

Munthu wotere akajambulidwa patatha zaka ziwiri, chithunzi chimaonetsa zipsera kumtunda kwa phapo, phapo lofota lomwe lakokera kholingo kumbali yake, mwinanso bowo lotsala. Kompyuta ikweza malikisi chaka chino, chaka chamawa, mpaka kalekale, chifukwa zipsera sizichoka. Ngakhale GeneXpert imatha kugwira zotsalira za tizilombo takufa mwa munthu amene wachira posachedwa. Chomwe chimasiyanitsa chipsera ndi TB yobwerera ndi nthawi. Chipsera chimakhala chimodzimodzi pa zithunzi ziwiri zotalikirana miyezi ingapo. TB yoyaka imasintha: pamabwera mthunzi watsopano wosalongosoka m'mphepete, bowo latsopano, kapena madzi ozungulira phapo. Choncho chithunzi chakale ndi chamtengo wapatali kuposa malikisi a lero, koma malangizo a 2021 adamangidwa pa umboni wa kuwerenga chithunzi chimodzi payekha.

M'mabowo otsalawo mumatha kumera nkhungu ya Aspergillus, wachibale wa chuku chomwe timachiona pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Matenda ake, omwe madokotala amawatchula mwachidule kuti CPA, amabwera ndi kutsokomola kwa miyezi, kuonda, kufooka ndi kutsokomola magazi. Amene angamve zizindikirozi anganene kuti TB yabwerera. Ku Gulu, Uganda, kafukufuku wa 2019 adapeza kuti mwa anthu ochira TB omwe adatsala ndi bowo m'phapo, oposa 6 pa 100 alionse ankayamba CPA chaka chilichonse, pomwe mwa opanda bowo zinkachitika mwa apo ndi apo. Pachithunzi, bowo limakula pang'onopang'ono, chikopa chokuta phapo pafupi ndi bowolo chimakhuthala, ndipo nthawi zina mkati mwa bowo mumaoneka chibulumwa chozungulira chokhala ndi kampweya pamwamba pake ngati mwezi wongooneka kumene. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi kufuna Aspergillus IgG. Mankhwala ake ndi itraconazole kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Ndipo apa pali msampha: rifampicin amachotsa itraconazole m'magazi pafupifupi yense. Wodwala CPA amene waikidwa pa mankhwala a TB molakwika wamanidwa chithandizo kawiri.

Fumbi la ku Joni

Matenda omwe akuonetsa bwino malire a CAD ndi silicosis, ndipo nkhani yake ndi yathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ulendowu udaimitsidwa ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, udayambiranso kudzera ku TEBA mu 1977, ndipo udatha cha mu 1988. Amuna ambiri a nthawi imeneyo alipobe m'midzi mwathu, okalamba tsopano. Fumbi la mwala wa quartz lomwe adapuma pansi pa nthaka silidatuluke. Silicosis imatenga zaka khumi kapena makumi awiri kuti ioneke, ndipo imapitiriza kukula munthu atasiya ntchito kalekale. Akafukufuku atayeza anthu omwe adagwirapo m'migodi ya golide n'kubwerera kwawo ku Botswana, ku Lesotho ndi ku Eastern Cape, ankapeza silicosis mwa munthu pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse.

Pachithunzi, silicosis imaoneka ngati timadontho tozungulira, tooneka bwino m'mphepete, tochuluka kumtunda kwa mapapo onse awiri mofanana. Bungwe la International Labour Organization lili ndi ndondomeko yake yowerengera timadonthoti potengera kukula ndi kuchuluka kwake, kuyambira tosapitirira mamilimita 1.5 mpaka tofika mamilimita 10. Anabere a pakati pa chifuwa nthawi zina amauma m'mphepete n'kuoneka ngati chigoba cha dzira. Matenda akakula, timadonthoto timalumikizana n'kukhala zibulumwa zikuluzikulu kumtunda kwa mapapo, zomwe zimasokonezedwa ndi TB kapena khansa. TB yomwazika m'magazi imabweretsanso timadontho, koma take ndi tating'ono ngati mawere, tofalikira mofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mwini wake amakhala wodwala kwambiri, thupi likutentha, akuonda mwa masabata ochepa. Wa silicosis yokha amayenda yekha kubwera kuchipatala, akudandaula za befu lomwe lakhala likukula kwa zaka.

Chovuta ndi chakuti matenda awiriwa amakonda kukhalira limodzi. Silicosis imachulukitsa chiopsezo cha TB katatu kapena kanayi, ndipo Liz Corbett ndi anzake adaonetsa mu 2000 kuti HIV ikawonjezekera pamenepo, ziopsezo ziwirizi zimachulukitsana. TB ikakwera pa silicosis, chizindikiro ndi kusintha: mbali imodzi kuipa kuposa inzake, bowo latsopano, madzi, kutentha thupi ndi kuonda. Rodney Ehrlich ndi anzake ku Cape Town atayeza mapulogalamu a CAD pa zithunzi za anthu omwe adagwirapo m'migodi ya golide, adapeza kuti mapulogalamuwa amazindikira bwino kuti chithunzi chili ndi vuto, koma amavutika kusiyanitsa silicosis ndi TB.

Malangizo a 2021 adachita bwino kutchula anthu a m'migodi ndi ena opuma fumbi la miyala ngati gulu loyenera kufufuzidwa TB nthawi ndi nthawi. Koma chida chomwe adavomereza ndi chomwe chimafooka kwambiri pa gulu lomweli, ndipo dzina la matenda likalakwika pano munthu amataya zinthu ziwiri. Choyamba ndi chitetezo: WHO yomweyo imalangiza kuti wa silicosis amene alibe TB yoyaka apatsidwe mankhwala oteteza ku TB. Chachiwiri ndi chipukuta misozi. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide adagwirizana zopereka ndalama zokwana R5 biliyoni, zomwe zikugawidwa ndi Tshiamiso Trust kwa omwe adagwira ntchito m'migodi yawo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019 n'kudwala silicosis kapena TB yochokera kuntchito. Gogo amene m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa TB katatu, popanda mawu akuti silicosis kapena akuti mgodi, sadziwa kuti pali chomwe angafunse. Ndipo fumbili silidathere ku Joni. Ophwanya miyala m'mphepete mwa misewu yathu ndi okumba golide ndi miyala yamtengo wapatali m'migodi ing'onoing'ono akupuma fumbi la mtundu womwewo lero.

Pamene kulakwitsa kumapha m'masiku ochepa

Kwa anthu omwe HIV yawatsitsa chitetezo kwambiri, nthawi yoyembekezera chithunzi chachiwiri palibe. Matenda anayi amafanana pano, ndipo chithandizo cha amodzi chimatha kuvulaza wodwala enawo.

Chibayo wamba cha mabakiteriya chimayamba mwa masiku ochepa, ndi kutentha thupi kwambiri, kubaya m'nthiti ndi makhololo amafinya. Chithunzi chimaonetsa chigawo chimodzi cha phapo chitayera choti mbee. Chibayo cha PCP chimabwera mwa masabata, kawirikawiri CD4 ikatsika pansi pa 200, ndi chifuwa chouma ndi kubanika komwe kukukulirakulira. Chithunzi chake chimaoneka ngati utsi wopyapyala wochokera pakati pa chifuwa kufalikira mbali zonse ziwiri, ndipo madzi kapena anabere otupa saoneka kawirikawiri. Kumayambiriro chithunzi chimatha kukhala choyera bwino, malikisi a kompyuta n'kukhala otsika, uku munthu akubanika. Kachipangizo koyezera mpweya pachala kamathandiza kuposa chithunzi: muyendetseni wodwala pang'ono, ndipo mpweya ukatsika, ganizirani PCP. Khansa ya Kaposi ya m'mapapo imapanga mithunzi yotsatira mitsempha ndi timipaipi ta mpweya, yooneka ngati malawi a moto, kawirikawiri kumunsi kwa mapapo, pamodzi ndi madzi omwe nthawi zambiri amakhala ndi magazi. Chizindikiro chake chachikulu chimakhala kunja kwa chithunzi: mawanga akuda kapena ofiirira pakhungu ndi kumwamba kwa m'kamwa. TB nayo pa anthuwa simaonetsa mabowo a kumtunda omwe tidazolowera. Imabwera ndi anabere otupa pakati pa chifuwa, madzi, timadontho tomwazika, kapena chithunzi chopanda vuto lililonse.

Prednisolone amapulumutsa moyo wa munthu wa PCP amene mpweya wake watsika. Prednisolone yemweyo amakulitsa Kaposi, ndipo amayatsa TB yomwe sikulandira mankhwala. Ngozi yomweyi ilipo pa matenda a sarcoidosis, omwe amatupitsa anabere a pakati pa chifuwa mbali zonse ziwiri mofanana: mankhwala ake ndi prednisolone, choncho TB iyenera kuchotsedwa kaye mosamala. Chizolowezi chopereka maantibayotiki kuti tione ngati wodwala achira nachonso sichisiyanitsa bwino. Kafukufuku wa ACT-TB, yemwe Titus Divala ndi anzake adachita mu Blantyre, adaonetsa kuti kupereka amoxicillin kapena azithromycin kudathandiza pang'ono chabe kudziwa amene ali ndi TB ndi amene alibe. Ciprofloxacin ndi abale ake ndi oipirapo, chifukwa amagonetsa TB pang'ono n'kuibisa.

Apa malangizo a 2021 adachenjera. Adanena kuti odwala HIV ogonekedwa m'chipatala komwe TB ndi yochuluka ayezedwe mwachindunji ndi makina ngati GeneXpert, osadalira kusankha koyamba. Kafukufuku wa STAMP, yemwe adachitika pachipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Edendale ku South Africa, adaonetsa mu 2018 kuti kuyeza mkodzo kumapeza TB yomwe makhololo aphonya, ndipo imfa zidachepa mwa omwe CD4 yawo idali pansi pa 100. Chomwe tiyenera kukumbukira ndi chakuti malikisi otsika a CAD si chilolezo chobweza kunyumba munthu amene akubanika.

Zomwe oteteza malangizowa anganene

Woteteza malangizowa angayankhe kuti chikalata cha TB sichingasenze matenda onse a m'chifuwa, ndipo kuti WHO idalemba yokha kuti CAD idavomerezedwa pa TB basi, kuti kulephera kuona matenda ena ndi kufooka kwake poyerekeza ndi munthu. Zonsezi ndi zoona. Angawonjezere kuti popanda makinawa anthu 294 aja sakadajambulidwa n'komwe, choncho palibe chomwe ataya.

Mfundo yomalizayi ndi yomwe sikhutiritsa. Munthu amene adabwera pagalimoto yojambulira, n'kuuzidwa kuti chithunzi chake chakayikitsa, kenako n'kuuzidwa kuti makhololo ali bwino apite kunyumba, wachoka ndi nkhawa yomwe sadabwere nayo. Akabweranso patatha miyezi itatu n'kujambulidwa, malikisi akwera monga kale, ndipo tsiku lina wina adzatopa n'kumulembera mankhwala a TB. Amene wapempha anthu kuti abwere adzajambulidwe ali ndi udindo pa zonse zomwe chithunzicho chaonetsa. Kuvomereza kufooka m'ndime imodzi ndi chiyambi chabe. Chomwe chikusowa ndi njira yolembedwa yomwe kiliniko ofesa angatsate makhololo akakana, yotchula matenda oyenera kuwaganizira, mafunso oyenera kufunsa, nthawi yojambulanso, ndi malo otumizako wodwala.

Kafukufuku nayenso ali ndi ngongole. PROSPECT idatsatira anthu kwa masiku 56 ndipo muyezo wake waukulu udali nthawi yoyambira mankhwala a TB. Pa cholinga chake, izi zidakwanira. Koma ofufuzawo adapezanso kuti mtengo wa njirayi udali wokwera poyerekeza ndi phindu lomwe adaliwerenga, ndipo phindu lopeza matenda a mtima, silicosis, CPA kapena khansa silikadalowa mokwanira m'masamu a masiku 56. Kafukufuku wotsatira ayenera kunena zomwe zidachitikira munthu aliyense amene malikisi ake adakwera, patatha miyezi isanu ndi umodzi ndi patatha chaka: angati adapezeka ndi TB pambuyo pake, angati adamwa mankhwala a TB popanda umboni, angati adapatsidwa dzina lina la matenda, angati adamwalira. Mapulogalamu ena tsopano amalozanso zinthu monga kukula kwa mtima, madzi ndi zotupa. Izi nazonso ziyenera kuyezedwa pa anthu athu tisanazikhulupirire.

Zomwe zili m'manja mwathu

Pomwe tikudikira ndondomeko yotere, zambiri zosiyanitsa matendawa sizifuna makina a CT, omwe ambiri mwa odwala athu sadzawafikira. Zimafuna mbiri ya wodwala, ndipo amene amaidziwa bwino ndi mlangizi wa zaumoyo ndi volontiya wa m'mudzi. Mafunso anayi ayenera kutsagana ndi chithunzi chilichonse chokayikitsa. Kodi munthuyu adamwapo mankhwala a TB, kangati, ndipo adamaliza liti? Adagwirapo ntchito ya fumbi, ku mgodi kapena yophwanya miyala, kwa zaka zingati? Vutoli layamba masiku, masabata kapena zaka zapitazo? Nanga za HIV zili bwanji, akumwa ma ARV, ndipo CD4 yake idayezedwa liti? Mayankho alembedwe m'buku la kuchipatala, pomwe wowerenga chithunzi angawaone. Agogo ambiri satchula za Wenela pokhapokha atafunsidwa, chifukwa saona kuti ntchito ya zaka makumi asanu zapitazo ikukhudzana ndi befu la lero.

Kwa makiliniko ofesa ndi anamwino, pempho ndi lakuti chithunzi chokhala ndi malikisi okwera chionedwe ndi maso a munthu makhololo akakana. Onani ngati vuto lili mbali imodzi kapena zonse ziwiri, kumtunda kapena kumunsi, ngati pali bowo, madzi, anabere otupa kapena mtima wokula. Yang'anani m'kamwa ndi pakhungu. Yezani mpweya wodwala atayenda. Funsani za chithunzi chakale, ndipo komwe makina alipo, jambulani munthu pa tsiku lomaliza mankhwala a TB kuti m'tsogolo padzakhale poyerekezera. Zithunzi za makina amakono zimasungika pakompyuta, koma zimathandiza pokhapokha dzina ndi nambala ya wodwala zitalembedwa mofanana ulendo uliwonse. Amene akutsokomola magazi, amene wamwa mankhwala a TB kawiri popanda makhololo kutsimikiza, ndi amene chithunzi chake chikuipiraipira ali pa mankhwala, atumizidwe kuchipatala chachikulu ndi kalata yonena zomwe mukuganizira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kompyuta yatipatsa liwiro lomwe tidalibe, ndipo odwala TB a ku Bangwe adapindula nalo. Malangizo a 2021 ndi oyenera kutsatidwa pa ntchito yomwe adalembedwera, yosankha oyenera kuyezedwa makhololo. Kutchula dzina la matenda a munthu amene makhololo ake akana kudakali ntchito ya wazaumoyo, ndipo amene akukonza bajeti ndi maphunziro a pulogalamu ya TB ayenera kuiwerengera ntchitoyi monga momwe amawerengera mafuta a galimoto yojambulira.